Kodi Dzina la Malemu Lili Ndi Mtengo?

M'midzi yambiri ya m'boma la Chitipa, kuyambira ku Kameme mpaka ku Nthalire, mukadali mabokosi achitsulo aja amene abambo athu anabwera nawo pochokera ku migodi ya ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola. Mukawatsekula mumapezamo zinthu zomwezomwezo: jekete lomwe njenjete zinayamba kale kulidya, chiphaso cha pantchito, zithunzi zofiira ndi ukalamba, ndipo pansi penipeni mbale zakuda za galamafoni zili m'zikuto zake za pepala lolimba. Kwa zaka zambiri panalibe amene anaziwerengera mbalezi. Galamafoni inafa, masingano ake anasowa m'sitolo, makaseti anabwera n'kupita, ndipo lero mwana aliyense amamvera nyimbo pa foni. Koma kuyambira cha m'ma 2010, mbale za oimba a ku Zambia a m'zaka za m'ma 1970 zinasanduka katundu wofunidwa kwambiri ndi anthu osonkhanitsa mbale zakale ku America, ku Ulaya ndi ku Japan. Ina imagulidwa madola mazana angapo. Ndipo mwambo wa msika umenewu ndi wakuti mbale imene woimba mwini wake analembapo dzina lake ndi cholembera imaposa zinzake pa mtengo, makamaka ngati woimbayo anamwalira.

Ena mwa awerengi athu adzadabwa kuona nkhani ya mbale za dansi pa tsamba lino. Tikuwapempha atilezere mtima. Banja limene lili ndi mbale yotere m'bokosi, pamene mwana wabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi ndipo feteleza sanagulidwe, lili ndi funso lenileni patsogolo pake. Kodi ndi bwino kugulitsa? Kodi chimene chikugulidwacho n'chiyani kwenikweni: nyimbo, pepala, kapena imfa ya munthu? Ndipo kodi kusunga dzina la munthu m'bokosi ndiko kumukumbukira?

Tiyambe ndi munthuyo, popeza pa nkhani zotere munthu ndiye amayamba kuiwalika. Woimba amene mbale zake zimatchulidwa kwambiri pa msikawu ndi Paul Ngozi. Anabadwa m'chaka cha 1949, ndipo anakulira ku Chibolya, komboni ya anthu osauka mu mzinda wa Lusaka. Dzina lake lobadwa nalo linali Paul Dobson Nyirongo, dzina limene kuno kumpoto sitilimva lachilendo. La Ngozi linali la pabwalo la zoimba, ndipo linamuyenera, chifukwa gitala lake linali kulira mokalipa ngati chimphepo pa denga la malata. Iye ndi anzake a msinkhu wake anakula akumvera Jimi Hendrix ndi magulu a rock a ku England, natenga phokoso limenelo n'kulisakaniza ndi kaimbidwe ka kwawo. Nyimbo zimenezi zikudziwika lero ndi dzina lakuti Zamrock. Ngozi anayamba waimba m'gulu la Musi-O-Tunya, pambuyo pake anakhazikitsa lake, Ngozi Family, m'mene Chrissy Zebby Tembo anali kuomba ng'oma. Mbale yawo yotchedwa Day of Judgement, ndiko kunena kuti tsiku la chiweruzo, inatuluka m'chaka cha 1976, ndipo ya 45,000 Volts inatsatira mu 1977. Anali kupeka yekha nyimbo zake, zina m'Chingerezi, zina m'Chinyanja cha ku Lusaka chomwe ife timachimva popanda womasulira, ndipo zambiri zinali kunena za moyo wa m'makomboni: umphawi, mabanja, miseche ya anthu oyandikana nyumba.

Nthawiyo inawakomera oimbawa. Pulezidenti Kenneth Kaunda, amenenso anali woimba gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zoulutsidwa pa wailesi ya dzikolo zikhale za ku Zambia komweko. Ku Ndola kunali kampani ya Teal imene inali kupanga mbale, ndiponso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inali kutulutsa nyimbo za magulu ambiri. Anthu a m'migodi anali ndi ndalama m'thumba pa mapeto a mwezi, ndipo pakati pawo panali ana a ku Chitipa. Njanji ya TAZARA itayamba kunyamula anthu chapakati pa zaka zomwezo, munthu anatha kukwera sitima pa Kapiri Mposhi n'kutsikira pa Nakonde, ndipo kuchokera pamenepo kwathu si kutali. Umo ndi momwe mbalezi zinafikira m'midzi mwathu. Tikumbukenso kuti ku Malaŵi masiku amenewo lamulo linaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo bungwe lounika mabuku ndi nyimbo linali ndi mphamvu zoletsa chilichonse chimene silinachikonde. Mnyamata wobwera ndi mbale yokhala ndi chithunzi cha amuna a tsitsi lowirira ndi mathalauza otambalala kunsi anali atanyamula kachidutswa ka dziko lina, ndipo anali kudziwa bwino lomwe kuti ndi chinthu chosaonetsa aliyense.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mtengo wa kopa unagwa m'chaka cha 1975 ndipo sunadzukenso msanga. Ndalama zinachepa, malo a dansi anayamba kutsekedwa, disko ndi makaseti okopera mwakuba zinalanda msika. Kenaka inafika Edzi. Mwana wa Kaunda, Masuzyo, anamwalira mu 1986, ndipo chaka chotsatira bambo wake anauza dziko lonse poyera kuti matenda amene anamutenga anali amenewo, chinthu chimene atsogoleri ochepa a nthawi imeneyo analimba mtima kuchita. Mliriwo unasesa oimba a Zamrock ambirimbiri. Pa gulu lotchuka la WITCH, mwa amene analiyambitsa anatsala Emmanuel Jagari Chanda yekha, amene anakakhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pake anakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chodyetsa ana ake. Paul Ngozi anamwalira m'zaka zowawa zomwezo, mu 1989, ali ndi zaka 40. Ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wotchedwa dzina lake. Koma kunja kwa Zambia, kwa zaka zoposa 20, anali ochepa amene anadziwa kuti kunali munthu wotere.

Zinthu zinatembenuka pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso nyimbozi: za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010, za WITCH mu 2012, Day of Judgement mu 2014. Mu October 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi yotchedwa Nizakupanga Ngozi, ya pa mbale ya 1977 ija, n'kuchiika m'nyimbo yake ya Noid. Achinyamata mamiliyoni ambiri amene sadziwa kumene kuli Chibolya anamva mawu a Chinyanja a munthu amene anali atagona m'manda zaka 35. Pamene dzina likukwera chotere, mtengo wa mbale zoyambirira zija umakweranso.

Tsono tiyang'ane bwino chimene chimakweza mtengo wa mbale yosainidwa. Nyimbo zake ndi zomwezo zimene zili pa mbale yosasainidwa, ndipo aliyense angazimvere pa foni. Inki ndi ya cholembera wamba cha m'sitolo. Chimene wogula akulipirira ndi chakuti dzanja la munthuyo linakhudza pepala limeneli, ndipo dzanjalo silidzalembanso. Woimba akali moyo, dzina lake likhoza kulembedwa kambirimbiri, ndipo chinthu chochuluka sichikwera mtengo. Tsiku limene watsikira kuli chete, chiwerengero chimatsekedwa, ndipo amalonda amadziwa zimenezi kuposa anamfedwa. Tisazembe kunena: mbali ina ya ndalamazo ndi mtengo wa imfa. Munthu amene m'zaka zake zomaliza anaona msika wa nyimbo zake ukufota, wasanduka wopindulitsa anthu ena pa chifukwa chokhacho chakuti kulibe. Mtima wa mkhristu uyenera kuima pang'ono pamenepa, ngakhale usanaweruze aliyense.

Eklezia si mlendo pa nkhani ya kusunga zinthu zimene anthu akufa anazikhudza. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 19, limasimba za anthu a ku Efeso amene anali kutenga tinsalu tokhudza thupi la Paulo Woyera n'kupita nato kwa odwala. Akhristu oyamba anali kuchita Nsembe ya Misa pa manda a amartiri, ndipo kuchokera pamenepo unabadwa mwambo woika zotsala za oyera m'guwa la tchalitchi. Amene anapitako ku Namugongo, kumene Karoli Lwanga ndi anzake anatenthedwa pa 3 June 1886, akudziwa m'mene anthu amakhumbira kubwerako ndi kanthu kogwirika, ngakhale madzi m'botolo. Chikhumbo chimenechi Eklezia sanachinyoze, chifukwa ife ndife anthu a thupi, ndipo chikondi chathu chimafuna pogwira. Mayi amene amasunga chipewa cha mwamuna wake womwalira sapembedza chipewa.

Koma Eklezia yemweyo anaphunzira, ndi misozi, chimene chimachitika ndalama zikalowa pamenepa. Kale m'nthawi ya Augustino Woyera, cha m'ma 400, iye anadandaula za anthu ovala ngati amonke amene anali kuyendayenda n'kumagulitsa mafupa amene ankati ndi a amartiri, ndipo anakayika ngati analidi otero. M'zaka mazana otsatira malondawo anakula, ndipo chinyengo chinakula nawo pamodzi. Msonkhano wa ku Trent mu 1563 unavomereza kulemekeza zotsala za oyera koma unalamula kuti phindu lonyansa lichotsedwepo, ndipo malamulo a Eklezia a 1983, pa nambala 1190, amaletseratu kuzigulitsa. Chifukwa chake n'chomveka. Chinthu chimene mtengo wake wonse uli pa munthu amene anachikhudza, chikaikidwa pa msika, munthuyo ndiye waikidwa pa msika. Ndipo pamene pali msika wotere wonyenga sachedwa kufika. Pa mbale zosainidwa zilinso chomwecho. Kulemba dzina la munthu wakufa pa chikuto chakale ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo mwini dzina sangadzuke kudzakana.

Tisafulumire, komabe, kufananiza zinthu zosafanana. Paul Ngozi sanali woyera wa pa guwa, ndipo ife sitikumuika pamenepo. Mbale yake si chinthu chopatulika. Inapangidwa ku fakitale kuti igulitsidwe, woimbayo anafuna kuti igulitsidwe, ndipo amene anaigula ndi thukuta lake la mu mgodi ndiye mwini wake. Choncho tikuti banja logulitsa mbale yotere kuti mwana apite ku sukulu silinachimwe, ndipo wina asalisenzetse mtolo umene Mulungu sanalisenzetse. Mwana wamoyo aposa pepala. Chimene tikupempha ndi chakuti tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zili pa chikuto chimodzi. Mbaleyo inagulidwa, koma dzinalo linaperekedwa ulere. Usiku wina, dansi itatha, munthu wotopa ndi wa thukuta anaima, nayang'ana mnyamata wa ku Chitipa amene sanali kumudziwa, namulembera dzina lake. Mphatso imeneyo inali ya anthu awiri, ndipo tanthauzo lake likukhala m'nkhani ya usiku umenewo. Mbale ikachoka popanda nkhaniyo, wogula walandira inki, ndipo banja lataya chimene ndalama sizinagule.

Osonkhanitsa mbale tiwachitirenso chilungamo. N'chapafupi kuwajambula ngati miimba yozungulira pa maliro, ndipo ena ndi otero ndithu. Koma matepi ambiri oyambirira a nyimbo za m'zaka zimenezo anatayika makampani atatsekedwa, ndipo nyimbo zina zinapulumuka chifukwa munthu wina anasunga mbale mosamala, kutali ndi dzuwa ndi fumbi. M'midzi mwathu mbale zambiri zinapindika ndi kutentha, zina ana anaziponya m'mwamba poseweretsa, zina zinakhomedwa pa khoma ngati chokongoletsa. Amene anayenda mtunda wautali kukafunafuna mbalezi, nazitsuka, nafufuza maina a amene anaimba, nakapeza oimba otsala ndi kugwirizana nawo, anachita ntchito yabwino. Jagari Chanda anabwerera pa bwalo la zoimba atakalamba, nayenda maiko ambiri, ndipo gulu lake linatulutsa mbale yatsopano yotchedwa Zango mu 2023. Popanda anthu okonda mbale zakale, mwina akanatsiriza moyo wake m'maenje a miyala.

Pamene pali tchimo lenileni ndi pa kagulidwe. Wogula amene akudziwa kuti mbale idzamupatsa madola mazana, koma akupatsa gogo wosadziwa kanthu ndalama yogulira sopo ndi mchere, waba, ngakhale gogoyo anavomera ndi kuthokoza. Kuvomera kwa munthu wobisiridwa choona sikuyeretsa malonda. Lamulo lachisanu ndi chiwiri limakhudza wothyola nyumba usiku, limakhudzanso wa sikelo yonyenga masana. Ndipo kawirikawiri wogula woyambayo sakhala mzungu wa kutali; amakhala mwana wa m'mudzi momwemo amene ali ndi foni ndipo waona mitengo pa intaneti. Palinso funso lakuti wogulitsa ndani. Bokosi la malemu lili ndi eni ake, ndipo woyamba ndi mayi wamasiye pamodzi ndi ana. Lamulo la dziko lathu la 2011 lokhudza chuma cha masiye linaika kulanda katundu wa malemu pakati pa milandu, ndipo mphwake kapena mlamu amene atulutsa mbale m'bokosi mobisa, poganiza kuti ndi kanthu kachabe, walowa m'njira yomweyo. Kwa mayiyo mbale imeneyo ingakhale nyimbo imene anavina ndi mwamuna wake asanakwatirane. Iye yekha ndiye angadziwe ngati nthawi yoilekerera yakwana. Tionjezere kuti kugula mbale sikugula nyimbo. Ku Malaŵi ndi ku Zambia komwe, umwini wa nyimbo umakhala kwa olowa m'malo a wopeka kwa zaka 50 iye atamwalira, kotero kuti nyimbo za Ngozi zili ndi eni ake mpaka 2039. Ndalama zogulitsa mbale yakale sizifika kwa ana a woimba ngakhale tambala imodzi. Zimene zingawafike ndi za nyimbo zotulutsidwanso mwa chilolezo.

Tibwere tsopano ku funso limene likutivuta koposa, la kukumbukira. Munthu angakhale ndi mbale zonse za woimba, zosainidwa bwinobwino, zoikidwa m'galasi, nadziwa chaka ndi nambala ya iliyonse, koma osaganizapo ngakhale tsiku limodzi kuti woimbayo anali ndi amake, anali kudwala mutu, anali kuopa, ndipo anaima yekha pamaso pa Mulungu monga tidzaimira ife. Anthu otchuka timawakumbukira m'njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri zimawachepetsa. Ena amawasandutsa timilungu topanda banga, nakwiya wina akatchula zofooka zawo. Ena, makamaka ife opemphera, timangofunsa kuti anafa ndi chiyani, tikapukusa mitu n'kutseka nkhani, ngati kuti dzina la matenda ndilo chiweruzo chomaliza. Amene anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akudziwa kuti mliri uja unalowa m'nyumba za oimba ndi m'nyumba za akulu a mpingo momwe, ndi kuti manyazi amene tinaveka odwala anawapweteka pafupifupi ngati nthendayo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mbale ya munthuyu yoyamba kutchuka inatchula tsiku la chiweruzo. Tsikulo lili ndi Mwini wake, ndipo Iye sanatipatse mpando wake.

Chikhristu chili ndi njira yake yokumbukira, ndipo ndi yachilendo kwa dziko chifukwa imaona wakufayo ngati munthu amene akadalipo ndipo tingamuchitire kanthu. Buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12, limasimba kuti Yuda Makabeo anapeza asilikali ake ophedwa atabisa zithumwa za mafano m'zovala zawo. Anaona kulakwa kwawo ndi maso ake, komabe anasonkhetsa ndalama n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti iperekedwe nsembe yowapepesera. Taonani kumene ndalamazo zinalowera: zinachoka kwa amoyo kupita kukathandiza akufa. Pa msika wa mbale zosainidwa zimayenda mobwerera, wakufa ndiye akulemeretsa amoyo. Sitikunena kuti wosonkhanitsa mbale sangapemphere, kapena kuti wopemphera ataye mbale. Tikunena kuti amene anasangalala ndi luso la munthu ali naye ngongole, ndipo ngongole kwa womwalira ili ndi njira imodzi yotsimikizika yobwezera. Ngati tinavina nyimbo zake pa ukwati wathu, si chinthu chachikulu kumutchula m'pemphero, kaya anali wa mpingo wathu kaya ayi. Chifundo cha Mulungu sichifunsa khadi la ubatizo kwa ife opempherera.

Pali ngongole inanso imene ingabwezedwe munthu akali ndi makutu. M'parishi iliyonse ya Dayosizi ya Karonga muli wina amene amapeka nyimbo za kwaya m'Chilambya, m'Chindali, m'Chisukwa kapena m'Chitumbuka, nyimbo zimene timaimba pa maliro a abale athu osadziwa kuti anazipeka ndani. Palibe amene amamupempha kuti asaine kanthu. Maina a anthu otere akanalembedwa m'buku la parishi, pamodzi ndi nyimbo zawo ndi chaka chimene anazipeka, adzukulu athu sakanadzadikira mlendo wa ku Los Angeles kuti adzawauze za chuma cha kwawo.

Kwa banja lija la bokosi lachitsulo, uphungu wathu ndi wapafupi. Musanachite kanthu, khalani pansi nonse, ndipo amayi ayambe ndiwo kulankhula. Afunseni kumene bambo anaipeza mbaleyo, chaka chanji, anali ndi yani, ndipo wina alembe zonsezo pa pepala, mapepala awiri, limodzi lotsala pakhomo, lina lopita ndi mbale ngati ipita. Pezani nyimbozo pa foni, ana amve chimene agogo awo anali kuvina. Funsani mtengo kwa anthu oposa mmodzi, ndipo musagulitse tsiku lomwelo limene wogula wafika. Mukagwirizana kusunga, ikani mbale choimirira, pa malo ozizira, mosaitsamiritsa chinthu cholemera. Mwezi wa November ukayandikira, pamene mabanja amapereka kwa Bambo Mfumu maina a akufa awo kuti atchulidwe pa Misa ya pa 2 November ndi m'mwezi wonsewo, lembani dzina la bambo amene anabwera ndi bokosilo, ndipo pansi pake pali malo okwanira kulembapo lina: Paul Nyirongo, 1949 mpaka 1989.